Maola a Matilda

Lachitatu, 4 Juni

Pepa kope langa, ndinakugulira za feteleza, koma lero usenza zina.

Mwana wanga Matilda watsika pa kabaza ndi laputopu, pakati pa sabata. Miyezi isanu yokha chiyambire uloya ku Blantyre. Akuti ofesi yalola maloya ang'onoang'ono kugwirira kunyumba Lachinayi ndi Lachisanu. Ine ndinalondera pa esiteti zaka khumi, sindinaonepo munthu akusunga ntchito ali pakhonde la bambo ake. Kapena akumuyesa? Akadzati sanagwire, umboni uli kuti?

Waonda. Amake aonanso.

Lachinayi, 5 Juni

Ndayamba kumulembera maola, ngati buku la pageti la ku esiteti lija.

7:52 watsegula makina. 10:15 wakwera pachulu kusaka netiweki, mphindi naini. 1:00 amake amuitana kudya, wati akubwera, sanabwere. 3:40 wadya mbatata yozizira, maso ali pa makina. 6:50 watseka, batire la sola latha.

Tambala ndamutsekera m'khitchini kuti asasokoneze ntchito. A Dickson anabwera ndi mlandu wawo wa malire a dimba, ndawabwezera pampanda.

Lachisanu, 6 Juni

Chimodzimodzi. Tambala wadya ufa. Amake sakundilankhula.

Lamulungu, 8 Juni

Potuluka m'tchalitchi a Hannah andigwira dzanja nthawi yaitali, akuti tikumupempherera mwana, ntchito ina ipezeka. Ndiye mudzi wonse wa Ndunde ukuti anachotsedwa ntchito. Matilda sanamve, anabwerera dzulo ku Blantyre kukamaliza mafayilo. Loweruka!

Lachinayi, 12 Juni

Wabweranso. 2:00 anali ndi msonkhano ndi abwana ake, Mayi Ruqaiya, oonana nkhope pa makina. Ndinamva abwanawo akufunsa ngati kumudziko akukwanitsa. Ndinavala jekete la kutchalitchi, m'munsi kabudula wa kudimba poti makina saona miyendo, n'kuima kumbuyo kwake.

"Ababa, chonde," anatero Matilda chapansipansi.

Ndinapereka moni, n'kuwerenga maola onse, tsiku ndi tsiku, mpaka mphindi naini za pachulu. Ndinati mwanayu sanajombe, mboni ndine.

Abwana sanaseke msanga. Anandipempha ndibwereze za mbatata. Kenako anati masiku awiriwa anawapereka chifukwa maloya achinyamata akumadwala ndi ntchito, osati kuti ofesi isamukire kumudzi. Anafunsa kuti kale ndinkagwira chiyani. Ndinati ulonda.

"Ndiye bambo, faifi koloko muzitseka geti. Akakana, mundilembere."

Apo ndiye anaseka, poti tambala anali atathawa m'khitchini n'kulira pawindo penipeni.

Matilda wakwiya, akuti ndamuchititsa manyazi. Koma wadya pa nthawi yake.

Lachisanu, 13 Juni

4:55 ndaima pakhomo, wotchi m'manja. 5:00 ndati geti latsekedwa. Wati kalata imodzi yokha, ababa. Ndati pa esiteti ngakhale manijala ankabwerera. Watchula malamulo m'Chingerezi. Ndazula chingwe cha sola, ndaika m'thumba la jekete.

5:06 wavala chitenje cha amake, apita limodzi kudimba kukathyola mpiru.

5:20 akuseka. Ndikumumva ndili pano pakhonde. Nthawi yosiya kuseka sindilemba.