Nsalu yotseka mphepo

Lachinayi, Okutobala. Kunja kwatentha, koma ine ndikunjenjemera.

A Mwale, dalaivala wa bwana wina wa ku Lifuwu, anabwera ndi galimoto yosaziziritsa m'kati. Nditalumikiza geji yopimira mphamvu ya gasi woziziritsa, muvi unathamangira kofiira. Gasi sanachuluke, fani ikuzungulira bwinobwino. Posuzumira kutsogolo ndinaona chinsalu chafumbi chitamatirira pa kondensa yochotsa kutentha kwa gasiyo, chikutseka mphepo. Ndinachisolola, muvi n'kutsika. Pokondwa ndinapukutirapo manja agirisi.

"Amisiri, mwatani?" ananong'ona a Mwale.

Kutambasula, ndi nsalu ya chipani imene anakongoletsera galimoto tsiku la msonkhano. Girisi yense ali pankhope ya Pulezidenti!

A Mwale alumbira kuti sanaone kanthu. Koma mlamu wawo ndi tcheyamani wa chipani ku Khombedza, ndipo a Mwalewo akalawa mowa, pakamwa sipatseka...