Mwendo wa Lidiya

3 Juni, Nsaru
Masiku anayi chiikireni Lidiya m'manda. Mapilitsi a opaleshoni yake akadali pawindo. Mwendo wamanzere unatupa Lolemba, wotentha, katumba gwa. Lachitatu m'mawa anangoti "mpweya, bambo," n'kugwa pakhonde. Zaka 31 za ukwati.

5 Juni
Alamu anga a Obadiya, eni mbumba, apeza wolakwa: Marita, mkazi wa mwana wathu Gladson. Ati ndiye ankaphika phala la wodwala. "Wa ku Chiwamba ameneyu, mtundu wake tikuudziwa ife?" Gladson maso pansi. Ine mkamwini, ngakhale wa imvi. Pa za mbumba ndilibe pakamwa.

8 Juni
Kuchipatala, kukatenga kalata ya imfa. Adokotala ati magazi anaundana mumtsempha wa mwendo chifukwa chogona nthawi yaitali, m'bulu wake unathothoka n'kukatseka m'mapapo. Anandifunsa, "Simunautikite, eti aphunzitsi?" Ndinati ayi.

Ndinautikita. Masiku awiri, m'mawa ndi masana, ndi mafuta a nsatsi, mwamphamvu, kuchokera ku akakolo kukwera m'mwamba. Iye ankati, "Apo, pomwepo."

11 Juni
Ndafukula buku langa la sayansi la ku koleji. Magazi akamaundana, ulusi wa m'magazi wotchedwa fayibulini umaluka ukonde. Mu ukonde momwemo mumakodwanso chodzaudula, pulazimini, chimene chimadya ulusi umodziumodzi. Pang'onopang'ono, masabata. Ndiye kuti thupi lake linali litayamba kale kumasula lokha. Chinkafunika ndi mankhwala, ndi manja anga kukhala m'thumba.

Ndime imeneyi ndinaidula mzere kunsi ndi bolopeni yofiira ndili mnyamata. Ndinakhoza nayo mayeso.

15 Juni
Amayi a kumpingo sakulandira madzi m'manja mwa Marita. Dzulo achemwali a Lidiya anatenga phala limene iye anandiphikira n'kupatsa agalu, ati tione. Agalu ali moyo.

Ndinatsegula pakamwa, a Obadiya n'kundiyang'ana. Akadziwa, wochoka pamudzi pano ndine, manda a Lidiya n'kuwasiya kuno. Ndinatsokomola basi.

19 Juni
Marita wapita kwawo, chikwama pa kabaza. Gladson anati ali ndi ntchito kudimba. Marita anagwada pakhomo kutsanzika, mawu pansipansi: "Bambo, botolo la nsatsi lija ndalitaya m'chimbudzi, asalione. Inu mumawakonda amayi. Mukawatikita ankapezako tulo."

Ndinamupatsa nthochi zodya panjira. Anazilandira ndi manja awiri.