Chitsime cha Kudimba

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Madzimoyo. Tonse tili bwino, chifuwa cha alamu anu chinatha.

Mwana wathu Tamala anabwera kutchuthi. Paja ntchito yake ndi kujambula mapu a kutentha kwa madzi m'nyanja zamchere. Atate ake anamufunsa, "Nyanja yonseyo angaiyeze ndani?"

Iye anati, "Timayeza malo ochepa, Atate. Za pakati pa malowo timachita kuwerengera, koma timamvera kwambiri muyeso wa malo apafupi."

Sanakhulupirire. Ndiye Tamala anayeza kuya kwa zitsime zinayi za anansi, nanena kuti kudimba kwathu madzi ali pa mamita asanu ndi limodzi. Tinakumba chitsime mitima ili m'mwamba, poti matimati anali atayamba kufota. Madzi anatuluka pa mamita asanu ndi theka! Tsopano atate akewo akumutcha "Aphunzitsi" pamaso pa anthu.

Chonde mumuimbire foni, mumuyamikire. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati