Esinati Wapambana, Koma Watikana

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Loweruka tinadzaza holo ya pa esiteti kuonera mng'ono wanga Esinati pa TV, tsiku lomaliza la mpikisano woyimba uja. Atalengeza kuti wapambana, nthungululu zake! Anzawo othyola nawo tiyi mpaka anawanyamula amayi m'mwamba.

Kenaka wolengeza uja anamufunsa kuti, "Kwanu n'kuti?" Iye akumwetulira anati, "Ndine wa mu Blantyre."

Amayi anayang'ana zala zawo zothimbirira ndi tiyi zija, n'kunena kuti, "Wayimba bwino mwana wa eni ake."

Chonde muyimbireni foni, inu amakumverani. Musamukalipire. Mungomuuza kuti tambala amene amayi anamusungira uja sanaphedwebe.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Feliya