Akuti vuto ndi nyali

Loweluka, Nyimba. Lelo mtima wanga ukuwila.

Amuna anga akali m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha. ATembo, dalaivala wa lole imene inawagunda ali pa njinga, anabwela ndi atcheyamani a chipani kudzapepesa. Akuti basi imene anakumana nayo inali ndi nyali zoikilila za thalakitala, ndiye zinawathobwa m'maso. Atcheyamani n'kuvomeleza: "Amai, nyali za masiku ano n'zoipa."

N'zoipadi, nanenso zimandithobwa. Koma ndani sadziwa kuti aTembo amazimitsa injini pamtsetse kuti asunge dizilo, lole n'kumatsika mwakachetechete? Amuna anga sanamve kanthu kumbuyo. Kodi nyali ndizo zinazimitsa injini?

Ndimati ndifunse zimenezo, koma atcheyamani anali atayamba kale pemphelo.