Timawu Titatu M'malangizo

Lachitatu, mu Okutobala. Lero landiwawa.

Chitsekereni mgodi, ndimagwira ntchito pa kakampani ka Ba Mulenga ku Highridge, kopanga mabatani ndi mamenyu a pa webusayiti. Ine ndimakonza malangizo ake. Lero ndapezamo zolakwika zitatu. Pena analemba “dinani kumanzere” pomwe batani lili kumanja.

Ba Mulenga aseka. “Ba Tembo, siku lonse tumau tutatu chabe?” Kenako auza makasitomala kuti zolakwikazo akonza ndi iwo eni.

Kumgodi ndinkalemba malangizo a chikepe chotsikira pansi. Ukalakwitsa liwu limodzi, munthu sabwerera kwa ana ake. Masiku amenewo Mulenga yemweyu ankaimirira ndikalowa mu ofesi.

Mawa ndipitanso. Patsamba lachisanu pakusowa chilembo, ndipo ndikachisiya ine, palibe wina akachione…