Bulangeti la Ferisita Wamng'ono

Amayi, mukudzukako bwanji kumeneko? Ndafunsa poti munatiphunzitsa kuyamba ndi moni, koma ndikudziwa kuti akufa sadzuka ndipo sawerenga.

Kuno tilipo. Chimanga cha m'munda mwanu chachita bwino kuposa chaka chomwe munkalima nokha, nandolonso akulonjeza. Denga la khitchini linagwa ndi mvula ya mu Malichi. Esnati, mwana wanu wapamtima, anabereka mwana wamkazi ku chipatala cha Mishoni ndipo anamutcha dzina lanu, Ferisita. Onse akumuitana kuti "amayi", ndipo akalira amati inuyo mwakwiya.

Nkhani yaikulu ndi ya sutikesi yanga. Mukuikumbukira, ija ndinkasunga kunsi kwa bedi lanu chifukwa nyumba yanga ya ku esiteti imalowa chinyontho. Zam'katimo ndinayamba kutola ndili mnyamata, pokuthandizani kumasula mabelo a kaunjika ku Limbuli: zisoti, mabaji, timbendera tamakona atatu, matawulo, zonse zomwe makampani ankagawira anthu oonera mpira wa ku America kalekale pofuna kutsatsa malonda. Inu munkautcha mpira wa dzungu. Munkati, "Chovala chosavalidwa ndi ndiwo ya njenjete," kenako n'kuseka ndi makasitomala anu, ine ndili pomwepo.

Amalume atakufunsani muli kudwala kuti m'nyumbamo muli za eni kapena ayi, munayankha kuti zonse ndi zanu. Mutu wanu unali bwino tsiku limenelo, ndinafunsa anamwino. Ndiye titakuikani, ine ndikuperekeza alendo, amalumewo ndi achibale anatsegula sutikesi, kuchapa zonse ndi sopo wamtanda, n'kugawana monga zovala za malemu. Nditadandaula, amalume anati, "Za malemu zikagawidwa sizibwerera, mphwanga. Sukulu yonseyi sunaphunzire zimenezi?"

Chisoti chomwe ndinachisaka zaka zambiri ndinachipeza pamutu pa Jasi, mwana wa amalume, akupalasa kabaza ku Muloza, chitayera ndi thukuta. Kambendera kamodzi kanali pamtengo m'munda wa mpunga, kakuopseza mbalame.

Sindinakangane ndi munthu. Ndinangoyamba kukulotani. Sindinakulotenipo ngakhale kamodzi, amayi, ndimagona bwino kwambiri. Koma ndinkapita m'mawa kwa wachibale, kukhala pakhonde nditazyolika, n'kunena kuti munabwera usiku mukufunsa katundu wanu, ndipo munatchula dzina lake. Jasi anabweretsa chisoti tsiku lomwelo, atachigwira ndi tsamba la nthochi. Amalume, mkulu wa mpingo uja, anatumiza mabaji m'jumbo, ndi nkhuku pamwamba. Muli moyo simunandithandizepo pa zimenezi. Mutafa mwagwira ntchito yotamandika.

Chinatsala ndi bulangeti laling'ono laubweya lija, lobiriwira, lokhala ndi chithunzi cha tayala pakona. Kampani ya matayala inagawira anthu oonera masewera a timu yomwe inatha ine ndisanabadwe. Ndafufuza pa intaneti kwa nthawi yaitali ndipo sindinaonepo lina lomwe lili ndi kansalu kake ka dzina la kampani m'mphepete. Linagwera Esnati, ndipo ndi lomwe ankafunditsa mwana.

Nditamuuza za maloto, anandiyang'ana mmene inu munkandiyang'anira. Anati, "Achimwene, ngati amayi akufuna bulangeti lawo, ndi awa alifunda. Akudandaula chiyaninso?" Ndinamusirira. Nzeru zimenezi anatengera inu.

Ndinadikira. Chiperoni chitayamba kutsika m'phiri, mwana anayamba kutsokomola. Chifukwa chake n'chodziwika: nyumba ya Esnati ilibe galasi pawindo ndipo amaphikira m'kati. Ine sindinapite kwa Esnati. Ndinapita kwa apongozi ake, n'kuwafunsa mwaulemu ngati kwawo amalola khanda kufunda cha malemu, makamaka malemu amene akuitanitsa zinthu zawo. Ndinawonjezera kuti munthu akamakoka bulangeti sayang'ana chomwe chakulungidwamo. Zotsalazo anamaliza okha.

Esnati anabwera nalo dzulo, mwana ali kumbuyo m'chitenje chimodzi. Analiponya pansi n'kunena kuti, "Tengani. Koma akandifera, mudzakumba nokha manda." Ndinamuuza kuti apite naye kuchipatala, poti chifuwa sichimva miyambo, ndipo ndinamukumbutsa kuti kusikelo ndi Lachiwiri. Anatembenuka n'kumapita. Mwanayo ali ndi mphumi yanu, ndipo potsokomola amatseka diso limodzi ngati mmene munkachitira pokana mtengo wa kasitomala.

Bulangetilo lili ndi banga la mkodzo pafupi ndi tayala. Ndaliviika m'madzi ozizira, ndaliyanika pamthunzi, koma banga silinachoke lonse. Ndalandira. Ndi chizindikiro chanu chomaliza pa katundu wanga.

Munkakonda kunena kuti chomwe chili m'nyumba mwako ndi chako. Ndamvera. Sutikesi ili kwanga tsopano, pamwamba pa njerwa, ndipo kiyi ndimayenda naye.

Ndimakukondani, amayi, mmene munthu amakondera chinthu chomwe sichingamuwonongerenso kanthu. Ndikulonjeza kuti sindidzakulotaninso, ntchito yanu yatha. Ndipo bulangetilo simudzalifundanso, kaya kumeneko, kaya kuno kumsana kwa Esnati.

Ndine mwana wanu,
Edisoni